Mmene Mphamvu Yokoka Imasendera ndi Kuumbanso Milalang'amba M'makamu Ake

Mlalang'amba ndi nyenyezi mamiliyoni kapena mabiliyoni, pamodzi ndi mpweya ndi fumbi, zimene mphamvu yokoka inazimanga pamodzi. Dzuwa ndi imodzi mwa nyenyezi zoposa 100 biliyoni za mlalang'amba wa Milky Way, womwe umaoneka ngati mzere wotuwa wodutsa kumwamba usiku wopanda mwezi. Milalang'amba yambiri siyenda yokhayokha. Imakhala m'timagulu kapena m'makamu, ndipo pamene yathithikana pamaoneka chinthu chodabwitsa. Kumalo opanda anzake ambiri, milalang'amba yaikulu yochuluka ndi yaphwatalala ngati chimbale, ya mikono yopiringizika, yodzaza mpweya wozizira, ndipo ikubalabe nyenyezi zatsopano zowala mobiriwira. Pakatikati pa khamu zinthu zimatembenuka: yochuluka ndi yobulungira kapena yaphwatalala koma yopanda mikono, yofiirira chifukwa cha nyenyezi zokalamba, ndipo mpweya wake unatha kalekale.

Funso limene akatswiri a zakuthambo akhala akulimbana nalo kwa zaka pafupifupi 100 ndi lakuti kusiyana kumeneku kumachokera kuti. Kodi milalang'amba ya m'khamu inabadwa choncho, kapena khamulo ndilo limaisintha? Ngati limaisintha, ndi gawo liti la ntchitoyo limene mphamvu yokoka imagwira?

Khamu la milalang'amba n'chiyani

Kagulu kamakhala ndi milalang'amba ikuluikulu yowerengeka ndi ina ing'onoing'ono yoizungulira. Milky Way ndi Andromeda ali m'kagulu kotere kotchedwa Local Group. Khamu limakhala ndi milalang'amba mahandiredi kapena masauzande, yopanikizana m'dera limene kuwala kumatenga zaka pafupifupi 10 miliyoni kuti kulidutse. Khamu lalikulu lapafupi kwambiri ndi la Virgo, lomwe lili ndi milalang'amba yoposa 1,300, ndipo kuwala kwake kumafika kuno patatha zaka pafupifupi 54 miliyoni. La Fornax ndi laling'ono, lili patali pang'ono, zaka zoposa 60 miliyoni. La Coma ndi lalikulu, lokhwima, ndipo lili pa mtunda wa zaka zoposa 300 miliyoni.

Nyenyezi zimene zimaoneka ndi kachigawo chabe ka kulemera kwa khamu, magawo osafika 5 pa 100 alionse. Magawo 10 mpaka 15 ndi mpweya wotentha kwambiri, wa madigiri mamiliyoni makumimakumi, umene wadzaza mipata yonse pakati pa milalang'amba. Mpweyawu suoneka ndi maso koma umatulutsa cheza cha X-ray. Umboni wake womveka unabwera ndi setilaiti ya Uhuru, yomwe inaulutsidwa pa 12 Disembala 1970 kuchokera pa nsanja ya San Marco m'nyanja pafupi ndi Malindi ku Kenya. Magawo otsalawo, oposa 80, ndi chinthu chosaoneka chotchedwa dark matter, chimene chimadziwika kokha chifukwa cha kukoka kwake. Fritz Zwicky ndiye anayamba kuchiganizira mu 1933 ataona kuti milalang'amba ya ku Coma ikuthamanga kwambiri moti kulemera kwa nyenyezi zake zokha sikukanailetsa kumwazikana.

Liwiro limeneli ndi lofunika pa nkhani yonseyi. Ku Coma milalang'amba imathamanga pafupifupi makilomita 1,000 pa sekondi imodzi. Mtunda wa pamsewu wa Great East kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka ungathe sekondi isanakwane. Ku Fornax liwiro ndi lochepa, silifika makilomita 400 pa sekondi. M'timagulu ndi locheperanso.

Mmene funsoli linakulira

Charles Messier anaona mu 1781 kuti m'chigawo cha kumwamba cha Virgo muli timitambo towala tambiri pamalo amodzi, koma panthawiyo panalibe wodziwa kuti ndi milalang'amba. Mu 1931 Edwin Hubble ndi Milton Humason analemba kuti m'makamu mumachuluka milalang'amba yobulungira. Mu 1941 Erik Holmberg wa ku Sweden, makompyuta asanabwere, anayesa kukumana kwa milalang'amba iwiri ndi mababu a magetsi 74, kuwala kwa babu lililonse kukuimira kukoka, ndipo anaona mikono ikutuluka m'mbali. Patapita zaka 10, Lyman Spitzer ndi Walter Baade anapereka ganizo lakuti milalang'amba ya m'khamu ikagundana, mpweya wake umaphwanyana n'kutsalira m'mbuyo, nyenyezi n'kupitirira.

Chaka cha 1972 chinabala njira ziwiri zimene zikupikisanabe mpaka lero. Abale awiri, Alar ndi Juri Toomre, anaonetsa pa kompyuta kuti kukoka kokha kungatulutse michira ndi milatho ya nyenyezi imene imaoneka pa milalang'amba yoyandikana. Chaka chomwecho James Gunn ndi J. Richard Gott anawerengera kuti mlalang'amba wothamanga mkati mwa mpweya wotentha wa khamu ungalandidwe mpweya wake popanda kukumana ndi mnzake aliyense.

Kenaka panabwera miyeso. Mu 1980 Alan Dressler anasanthula milalang'amba pafupifupi 6,000 m'makamu 55, n'kupeza kuti mtundu wa mlalang'amba umatsatira kuthithikana kwa malo ake. Kumalo otayana, pafupifupi 8 pa 10 iliyonse ndi ya mikono. Pothithikana kwambiri imatsala pafupifupi umodzi pa 10. Harvey Butcher ndi Augustus Oemler, mu 1978 ndi 1984, anayang'ana makamu akutali, amene kuwala kwake kunanyamuka zaka mabiliyoni angapo zapitazo, ndipo anapezamo milalang'amba yobiriwira yambiri kuposa ya m'makamu apafupi. Mu 1997 Dressler ndi anzake, pogwiritsa ntchito telesikopu ya Hubble, anapeza kuti m'makamu akutaliwo milalang'amba yaphwatalala yopanda mikono, yotchedwa S0, inali yochepa kawiri kapena katatu poyerekeza ndi lero. Ndiye kuti kubadwa kokha sikungafotokoze zonse. Milalang'amba ina inalowa m'khamu ili ya mikono, n'kusinthikira momwemo.

Kukoka kosiyana mbali ziwiri

Chimene chimang'amba mlalang'amba si kukula kwa mphamvu yokoka ayi, koma kusiyana kwake. Chinthu chachikulu chikayandikira, mbali ya mlalang'amba imene ili pafupi nacho imakokedwa kwambiri kuposa pakati, ndipo pakatipo pamakokedwa kwambiri kuposa mbali yakutali. Zotsatira zake, mlalang'amba umatamuka mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake michira yobwera ndi kukoka nthawi zambiri imakhala iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo. Mphamvu yomweyi ndi imene mwezi umakwezera ndi kutsitsira madzi a m'nyanja yamchere kawiri pa tsiku, monga amaonera anthu a ku Beira ndi ku Nacala. Ndi yomweyinso imene pulaneti ya Jupiter inaswera nyenyezi yamchira ya Shoemaker-Levy 9 mu 1992, zidutswa zake zoposa 20 n'kudzagwera pa Jupiter mu Julayi 1994.

Kusiyanaku kumakula mofulumira mtunda ukamachepa. Mtunda ukadulidwa pakati, mphamvu yong'amba imachuluka ka 8. Choncho mlalang'amba uliwonse uli ndi malire ake: mkati mwa malirewo kukoka kwa mlalang'amba mwiniwake ndiko kumapambana, kunja kwake khamu kapena mnzake wodutsa ndiye amalanda. Choyamba kuchoka ndi dark matter, chifukwa imafika kutali kwambiri kunja kwa nyenyezi. Mlalang'amba ungataye mbali yaikulu ya dark matter yake nyenyezi zisanayambe kukhudzidwa, ndipo pa chithunzi umaonekabe wabwinobwino. Kenaka pamachoka mpweya wa m'mphepete ndi nyenyezi zakunja. Phata lapakati, lomwe ndi lothina, ndilo limatsala pomalizira.

Pa zonsezi nyenyezi sizigundana. Mipata pakati pawo ndi yaikulu zedi: kuwala kochokera ku nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi Dzuwa kumatenga zaka zoposa 4. Milalang'amba iwiri ingapyolane popanda nyenyezi ngakhale imodzi kukhudza inzake. Chimene chimasintha ndi njira zimene nyenyezizo zimayenda.

Njira zitatu za mphamvu yokoka

Yoyamba ndi kukoka kwa khamu lonse. Milalang'amba yambiri simazungulira khamu mozungulira bwinobwino. Imagwera chapakati, n'kupyola, n'kutulukira kwina, ulendo umodzi ukutenga zaka pafupifupi 1 biliyoni. Nthawi iliyonse imene yadutsa pafupi ndi pakati imasendeka. David Merritt anawerengera zimenezi chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo Gene Byrd ndi Mauri Valtonen anaonetsa mu 1990 kuti kukoka kotereku kungathenso kufinya mpweya wa m'chimbale, kuukankhira pakati, n'kuyambitsa kubadwa kwa nyenyezi zambiri nthawi imodzi. Kusendekaku kwayesedwa ndithu. Khamu limapinda kuwala kwa milalang'amba yakutali imene ili kuseri kwake, ndipo pa kupindikako Priyamvada Natarajan ndi anzake anapeza kuti dark matter yozungulira milalang'amba ya m'khamu ndi yodulidwa, yochepa poyerekeza ndi ya inzake yofanana nayo kunja kwa khamu.

Yachiwiri ndi kudutsana mothamanga. Apa pali mfundo imene poyamba imaoneka yosemphana ndi nzeru: liwiro lalikulu limateteza. Dzuwa limatenga zaka zoposa 200 miliyoni kuti lizungulire Milky Way kamodzi. Mlalang'amba wothamanga makilomita 1,000 pa sekondi umadutsa m'lifupi mwa Milky Way m'zaka pafupifupi 30 miliyoni zokha. Nyenyezi zimangogwedezeka pang'ono, mlendoyo n'kukhala atapita. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yosiyidwa m'nyenyezi imachepa kanayi. Pachifukwa chimenechi milalang'amba ya m'khamu lalikulu kawirikawiri siphatikana, ngakhale kuti yathithikana. Kuphatikana kumachitika m'timagulu, mmene kuyenda kuli kwapang'onopang'ono.

Komabe kugwedezeka kochepa kukabwerezedwa kumaunjikana. Mu 1996 Ben Moore, Neal Katz, George Lake, Dressler ndi Oemler anafalitsa m'magazini ya Nature zimene anapeza pa kompyuta, n'kuzitcha galaxy harassment. Anati mlalang'amba wa m'khamu umadutsidwa pafupi ndi wina waukulu pafupifupi kamodzi pa zaka 1 biliyoni zilizonse, ndipo zimenezi zikaphatikizana ndi kukoka kwa khamu lonse zimasanduliza chimbale chaching'ono. Poyamba pakati pake pamatuluka mpiringidzo wa nyenyezi, mikono imatambasuka, mpweya umatsetserekera pakati, nyenyezi zakunja zimathothoka. Pamapeto pake pamatsala kamlalang'amba kobulungira kopanda mpweya. Timilalang'amba totere ndi tomwe tachuluka kwambiri ku Virgo, ku Fornax ndi ku Coma, ndipo mu 2006 Thorsten Lisker ndi anzake anapeza kuti tina ta ku Virgo tikadali ndi zizindikiro zobisika za chimbale, mikono kapena mpiringidzo. Milalang'amba ikuluikulu ya phata lothina simasanduka chonchi. Chimbale chake chimangokhuthala, mikono n'kuzilala.

Ku Virgo kuli zitsanzo zooneka. NGC 4438 ndi chimbale chopotoka kwambiri, ndipo mu 2008 Jeffrey Kenney ndi anzake anapeza mitsitsi ya mpweya yotalika zaka za kuwala pafupifupi 400,000 youlumikiza ndi M86, umboni wakuti iwiriyi inagundana mothamanga. M99 uli ndi mkono umodzi wotambasuka kuposa ina ndi mchira wautali wa haidirojeni. Mtambo wina wa mumchirawo, VIRGOHI21, unayamba waganiziridwa kuti ndi mlalang'amba wopanda nyenyezi, koma Pierre-Alain Duc ndi Frédéric Bournaud anaonetsa mu 2008 kuti kudutsa kothamanga kwa mlalang'amba wina kungausiye mmene ulilimo.

Yachitatu ndi kumezana kwa pakatikati. Subrahmanyan Chandrasekhar anafotokoza mu 1943 kuti chinthu cholemera chikamayenda pakati pa zinthu zambiri zopepuka chimazikokera kumbuyo kwake, ndipo mulu umenewo umachibweza. Mlalang'amba wolemera umataya liwiro mwa njira imeneyi, n'kumamira chapakati pa khamu mpaka kumezedwa ndi umene uli kale pamenepo. Jeremiah Ostriker ndi Scott Tremaine analongosola zimenezi mu 1975. Ndimo mmene milalang'amba yaikulu kuposa yonse imakulira, monga M87 ku Virgo, NGC 1399 ku Fornax, ndi NGC 4889 ndi NGC 4874 ku Coma. Mu 2015 Alessia Longobardi ndi anzake, ndi telesikopu ya VLT ku Chile, anapeza m'mphepete mwa M87 nyenyezi zoyendabe mogwirizana, zotsalira za mlalang'amba wa msinkhu wapakati umene unamezedwa m'zaka 1 biliyoni zapitazi.

Kumene zosendedwa zimapita

Nyenyezi zothothoka sizichoka m'khamu, chifukwa kukoka kwa khamu n'kwakukulu. Zimangoyendayenda popanda mlalang'amba wake, ndipo zonse pamodzi zimapanga kuwala kozilala kwambiri pakati pa milalang'amba. Zwicky anakuona ku Coma mu 1951. Mu 1998 Henry Ferguson, Nial Tanvir ndi Ted von Hippel anaona nyenyezi zoterezi imodziimodzi ku Virgo ndi telesikopu ya Hubble, ndipo mu 2005 Chris Mihos ndi anzake anajambula mitsinje yaitali ya kuwalaku mozungulira M87. Telesikopu ya Euclid, yomwe inaulutsidwa mu Julayi 2023, inasonyeza kuti m'khamu la Perseus muli nyenyezi zamasiye zoposa 1.5 thililiyoni. Umenewu ndi umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse wa ntchito ya mphamvu yokoka, popeza palibe njira ina yochotsera nyenyezi yokhwima mu mlalang'amba wake.

Chotsala chinanso ndi maphata. Mu 1999 ndi 2000, magulu a Michael Hilker ndi Michael Drinkwater anapeza ku Fornax tinthu tooneka ngati nyenyezi imodzi pa chithunzi, koma tili ndi nyenyezi mamiliyoni makumimakumi zopanikizana m'kadera kakang'ono. Timatchedwa ultra-compact dwarf. Kenji Bekki ndi anzake anati ndi maphata a timilalang'amba tomwe tinasendedwa mpaka kutsala pakati pokha. Umboni unabwera mu 2014 pamene Anil Seth ndi anzake anapeza kuti M60-UCD1 ku Virgo uli ndi black hole (malo okoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikutulukamo) yolemera ngati madzuwa 21 miliyoni, pafupifupi magawo 15 pa 100 a kulemera kwake konse. Black hole yotero ndi ya mlalang'amba waukulu kwambiri kuposa kamene katsalako. Mu 2023 Kaixiang Wang ndi anzake anafalitsa tinthu 106 ta ku Virgo tomwe tili pakati pa ulendowu, tina tikadali ndi chofunda chopyapyala cha nyenyezi, tina chitangotsala pang'ono kutha. Izi sizitanthauza kuti tonse tinabadwa motero. Tating'ono tina tingakhale magulu wamba a nyenyezi omwe anangokula.

Mphepo ya m'khamu

Mphamvu yokoka siili yokha pa ntchitoyi, ndipo apa ndi pamene mkangano wagona. Mlalang'amba wothamanga mkati mwa mpweya wotentha wa khamu umamva mphepo, imene akatswiri amaitcha ram pressure. Mphepoyi imachita zimene zimachitika popeta chimanga m'lichero: gaga amauluzika, mphale imatsala. Mpweya wopepuka umakankhidwira kumbuyo, nyenyezi sizimva kanthu. Mphamvu yake imakula ndi kuthithikana kwa mpweya wa khamu, ndipo liwiro likawirikiza kawiri imachuluka kanayi. Ndiye kuti liwiro lomwe limafooketsa kukokana kwa milalang'amba ndilo limalimbitsa mphepo.

Zizindikiro za njira ziwirizi zimasiyana. Kukoka sikusankha: kumapotoza nyenyezi zakale ndi mpweya womwe, ndipo kumasiya michira iwiri. Mphepo imasiya chimbale cha nyenyezi chili chowongoka, mpweya utadulidwa kuyambira kunja kulowa mkati, ndi mchira umodzi woloza kumbuyo. NGC 4522 ku Virgo ndi wotero. ESO 137-001, wa m'khamu la Norma, ukukoka mchira wa mpweya wotalika zaka za kuwala zoposa 250,000, ndipo mumchiramo mukubadwa nyenyezi. Khamu la Norma labisika kuseri kwa fumbi la Milky Way. Kukula kwake kunadziwika mu 1996 ndi ntchito ya Renée Kraan-Korteweg, Patrick Woudt ndi anzawo, ndipo awiriwa pambuyo pake anadzakhala aphunzitsi pa University of Cape Town.

Palinso njira yofatsa imene Richard Larson, Beatrice Tinsley ndi Nelson Caldwell anapereka mu 1980. Mlalang'amba uli ndi nkhokwe ya mpweya wofunda wouzungulira, umene umazizira pang'onopang'ono n'kumadyetsa chimbale. Nkhokweyi ndi yomasuka, choncho kukoka kapena mphepo yochepa ingaichotse. Chimbale chimapitiriza kubala nyenyezi ndi mpweya umene chili nawo mpaka utatha patapita zaka mabiliyoni angapo.

Zimene MeerKAT inapeza ku Fornax

Haidirojeni wozizira amatulutsa mafunde a wailesi otalika masentimita 21, ndipo popeza amafika kutali kunja kwa nyenyezi, ndiye amayamba kuonetsa kuti mlalang'amba wasokonezedwa. Chimodzi mwa zida zabwino kwambiri padziko lonse zoonera mpweyawu chili kummwera kwa Africa kuno. MeerKAT, yomwe inatsegulidwa mu Julayi 2018 pafupi ndi Carnarvon m'chigawo cha Northern Cape ku South Africa, inamangidwa ndi mbale 64, iliyonse ya mamita 13.5 m'lifupi.

Fornax ndi malo abwino oyesera mkanganowu. Khamuli ndi laling'ono, liwiro ndi lochepa, mpweya wotentha si wochuluka, choncho ambiri ankayembekezera kuti kumeneko kukoka ndiko kumalamulira ndipo mphepo ilibe mphamvu. Mu 2019 Paolo Serra ndi anzake anapeza michira iwiri ya haidirojeni pa NGC 1316, mlalang'amba waukulu wa m'kagulu kamene kakugwera m'khamuli, yotsalira pa kuphatikana kwa milalang'amba iwiri. Mu 2023 gulu lomweli linalengeza milalang'amba 6 ya chapakati pa Fornax yokhala ndi michira yaitali ya haidirojeni, ya mbali imodzi, yopanda nyenyezi. Michirayo ndi ya mphepo. Koma atawerengera anapeza kuti mphepo ya ku Fornax payokha siikanatha kuzula mpweya m'chimbale chokhazikika, ndipo milalang'amba yonseyo inali ndi zizindikiro zakuti inakokanapo ndi inzake. Kufotokoza kwawo n'kwakuti kukoka kunayamba kwatulutsira mpweya kunja, kumene mlalang'amba suugwira mwamphamvu, kenaka mphepo n'kuuseserera kumbuyo. Zimenezi zikusonyeza kuti kufunsa kuti ndi njira iti mwa ziwirizi kungakhale kufunsa molakwika, makamaka m'makamu ang'onoang'ono.

Zodziwika ndi zotsutsana

Pali zinthu zimene sizikutsutsidwanso. Kukoka kumadula dark matter ya milalang'amba ya m'khamu, kumathothola nyenyezi, ndipo kumanenepetsa mlalang'amba wapakati. Mphepo imachotsa mpweya wozizira m'makamu akuluakulu, ndipo ingaletse kubadwa kwa nyenyezi m'zaka mamiliyoni mahandiredi angapo. Mphepo payokha siingasinthe kapangidwe ka nyenyezi zakale. Kuti chimbale chikhuthale kapena phata likule pamafunika kukoka.

Kukula kwa ntchito ya harassment ndiko kukukayikitsa. Kuyesa kwatsopano pa kompyuta, monga kwa Rory Smith ndi anzake mu 2015, kunasonyeza kuti timilalang'amba tambiri togwera m'khamu sitiwonongeka kwenikweni. Tomwe timasendeka kwambiri ndi tochepa, ta njira zopyola pakatikati penipeni kapena tomwe tinalowa kalekale. Zikuoneka kuti chithunzi cha 1996 chinali choona koma cha milalang'amba yochepa kuposa mmene ankaganizira.

Nkhani ina ndi ya malo. Makamu amakula pomeza timagulu, ndipo milalang'amba yambiri imafika itakhalapo kale m'kagulu zaka mabiliyoni. M'kagulu liwiro ndi lochepa, kukokana n'kwamphamvu, kuphatikana n'kofala. Ann Zabludoff ndi John Mulchaey anaonetsa mu 1998 kuti timagulu tina tili kale ndi milalang'amba yobulungira yambiri ngati ya m'khamu. Ngati ndi choncho, mbali yaikulu ya ntchito ya mphamvu yokoka imachitika mlalang'amba usanalowe n'komwe m'khamu, ndipo khamulo limangomalizitsa.

Kuwala kwa nyenyezi zamasiye nakonso kuli ndi mafunso. Miyeso ya gawo lake pa kuwala konse kwa khamu imayambira pa magawo 5 mpaka kuyandikira 50 pa 100, makamaka chifukwa palibe malire omveka pamene mlalang'amba wapakati umathera ndi pamene kuwalaku kumayambira. Ena amati nyenyezizi zinachokera m'timilalang'amba tophwanyika, ena amati zambiri zinasendedwa m'mphepete mwa milalang'amba ya msinkhu wa Milky Way. Ambiri ankaganiza kuti zinaunjikana posachedwa, koma mu 2023 Hyungjin Joo ndi James Jee anazipeza zochuluka kale m'makamu 10 akutali kwambiri. Chimodzimodzinso milalang'amba 47 yotambalala koma yozilala imene Pieter van Dokkum ndi anzake anapeza ku Coma mu 2015: sizikudziwika bwino ngati inatupitsidwa ndi kukoka kapena inabadwa yotero, popeza ina yofanana nayo ikupezeka kutali ndi khamu lililonse.

Zooneka kuchokera ku Chipata

Chipata, ku Zambia, ili madigiri pafupifupi 13.6 kummwera kwa equator, malo amene makamu onse otchulidwa pano amakwera pamwamba. Khamu la Virgo limafika madigiri pafupifupi 64 chakumpoto, cha m'ma 9 koloko usiku pakati pa Meyi, mvula itatha ndipo utsi wa lupsa usanayambe kuphimba kumwamba. M87, M86 ndi M84 zimaoneka ngati timadontho totuwa pa telesikopu yaing'ono, makamaka kutali ndi magetsi a m'tauni, monga kumidzi ya ku Chadiza, Vubwi kapena Katete. Fornax imakwera madigiri pafupifupi 68 chakummwera madzulo a Disembala, koma imeneyo ndi nthawi ya dzinja ndipo mitambo imavuta. Michira ndi nyenyezi zamasiye sizioneka pa zida zazing'ono.

Pali zinthu ziwiri zooneka ndi maso okha zimene zili ndi mbiri yofanana, ngakhale zili m'kagulu osati m'khamu. Mitambo iwiri ya Magellan, yomwe imaoneka kummwera madzulo kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale, ndi timilalang'amba toyandikana ndi Milky Way, pa mtunda wa zaka za kuwala pafupifupi 160,000 ndi 200,000. Kumbuyo kwake kuli mtsinje wautali wa haidirojeni umene Don Mathewson ndi anzake anaufotokoza mu 1974, ndipo mkangano wa kukoka ndi mphepo wakhala ukuchitikanso pa mtsinjewu. China ndi Omega Centauri, kadontho kotuwa kamene kali chakumpoto kwa nyenyezi za Southern Cross madzulo a Meyi ndi Juni. Muli nyenyezi pafupifupi 10 miliyoni za mibadwo yosiyanasiyana, ndipo akatswiri ambiri amakhulupirira kuti ndi phata la kamlalang'amba kamene Milky Way inasenda.

Zambia ili ndi mbali pa kafukufukuyu. Ndi limodzi mwa mayiko 8 a mu Africa amene anagwirizana ndi South Africa popempha kuti telesikopu ya Square Kilometre Array imangidwe kuno, pamodzi ndi Mozambique, Botswana, Namibia, Kenya, Ghana, Madagascar ndi Mauritius. Ophunzira a ku Zambia aphunzitsidwa za telesikopu za wailesi kudzera m'pulogalamu ya DARA, ndipo mu 2014 Copperbelt University ku Kitwe inayamba kusunga ofesi ya International Astronomical Union yolimbikitsa chitukuko kudzera m'sayansi ya zakuthambo kummwera kwa Africa. Ntchito yomanga Square Kilometre Array inayamba mu Disembala 2022. Gawo la ku South Africa likadzatha lidzakhala ndi mbale 197, kuphatikizapo 64 za MeerKAT, ndipo lidzatha kuona michira ya haidirojeni yozilala kwambiri komanso ya m'makamu akutali amene MeerKAT siifikako.